Zaka Zimene Ndinali Gondwe

Kwa zaka khumi ndi zinayi ndinkayankha dzina la munthu wina. Ku Glasgow, nkhalamba iliyonse imene ndinaisambitsa, kuimeta ndevu kapena kuimwetsa tiyi inkandidziwa kuti ndine Gondwe. Ine wa ku Thyolo, amene Chitumbuka changa chimathera pa "monire", ndinkayenda ndi kakhadi pachifuwa kolembedwa dzina la ku Rumphi. Dzina langa lenileni ndi Bakisita. Ndinalisiya kumudzi ndi mwana wanga mmodzi yekhayo, Limbani, ndipo ndinkadzitonthoza kuti kumeneko likusungika bwino.

Dzinali si lachikuda, ndikudziwa. Agogo anga aamuna anali khukhi wa mzungu wina wa pa esiteti ya tiyi, dzina lake Baxter. Anthu ankangoti "uja wa kwa Bakisita", ndipo kalaliki wa msonkho atafika analemba zomwezo m'buku. Dzina limene agogowo anabadwa nalo palibe akulikumbuka. Kusukulu anzanga ankandiseka kuti ife tinatola dzina kukhitchini kwa mzungu pamodzi ndi makombo. Ndinamenyapo anthu awiri chifukwa cha mawu amenewo, ndipo mpaka lero sindinalape.

Ndinanyamuka ndi mapepala a sukulu, monga ankachitira ambiri masiku amenewo. Limbani anali ndi zaka zisanu ndi zitatu. Mkazi wanga Esinati ndinamuuza kuti ndi zaka ziwiri zokha, tikhome malata, ndibwerere. Pa depoti ku Limbe chikwama anandinyamulira ndi mchimwene wake wa Esinati, alamu anga a Chimwaza, munthu wofatsa amene ankakonza njinga pa Bvumbwe.

"Pitani alamu, musade nkhawa," anatero. "Mbumbayi ndi yanga kale, ndiziyang'anira."

Ndinawathokoza ndi manja awiri.

Sukulu ija sinapite patali. Fizi inandikanika, mapepala n'kutha, ine n'kukhala munthu woti ndikaona wapolisi ndizikhota njira. Amene ananditola ndi Gondwe, Gondwe weniweniyo, amene ndinakumana naye kutchalitchi kumene Amalawi tinkasonkhana. Iye mapepala anali nawo chifukwa mkazi wake anali namwino. Anandipatsa matiresi m'nyumba mwake ku Sighthill, pamwamba penipeni pa zinyumba zosanja zimene anazigwetsa pambuyo pake, pamene mphepo inkagwedeza mawindo ngati ikufuna kulowa. Kenaka anandibwereka dzina lake kuti ndikalembedwe nalo ntchito yosamalira okalamba m'makomo mwawo.

Sabata yonse ankandiphunzitsa. Ndikakhala ndikutsuka mbale ankabwera chakumbuyo n'kukuwa, "Gondwe!" Ine phee, kupitiriza mbale zanga.

"Amwene, mukamachedwa kucheuka chonchi atimanga tonse awiri! Ngakhale galu dzina amaliphunzira masiku atatu."

"Galuyo amakhala alibe lina," ndinkamuyankha.

Koma ndinaphunzira. Patapita chaka, wina akanaitana Bakisita mu basi sindikanatembenuka n'komwe.

Ntchitoyo inali yolowa nyumba iyi, kutuluka, kuthamangira basi, kulowa ina. Mvula ya kumeneko siigwa kuchokera kumwamba, imabwera chammbali ngati ili nawe chifukwa. M'nyengo yozizira dzuwa linkalowa ana asanaweruke kusukulu. Ndinanyamula anthu olemera kuposa thumba la feteleza, ndinachapa zofunda zonunkha, ndinatukwanidwa ndi agogo amene mawa lake ankandipsompsona dzanja. Zonsezi ndinkapirira chifukwa malata kumudzi anakhomedwa ndipo Limbani ankapita kusukulu atavala nsapato.

Mwa okalamba onsewo, amene anandilowa mumtima ndi a Webster a ku Maryhill. Anali mphunzitsi wopuma, wamtali, miyendo itafa koma mutu uli gwa. Ankakhala m'nyumba yapansi yoyang'ana ku ngalande, ndipo mabuku anali paliponse, mpaka pamwamba pa filiji. Tsiku loyamba anakoka kakhadi kanga n'kukayandikiza kumaso.

"Gondwe. Limatanthauza chiyani?"

Thukuta linatuluka ngakhale kunkazizira. Ndinati ndi dzina la mtundu chabe.

"Palibe dzina lachabe, mnyamata wanga. Lililonse linayamba ndi munthu mmodzi amene anzake anamuona akuchita kanthu. Ine ndine Webster, ndiye kuti kholo langa linkaluka nsalu. Ukafunse kwanu, mawa udzandiuze."

Nditafunsa mwini dzina, anaseka mpaka kukhosomola. "Nanenso sindidziwa! Kawauzeni kuti limatanthauza mwamuna wokongola."

Kuyambira pamenepo m'mawa uliwonse kunali sukulu. Ine ndikuwapaka sopo kumaso, iwo akuphunzitsa. Wobweretsa makalata anali Fletcher, ndiye kuti makolo ake ankapanga mivi. Smith ndi wosula zitsulo, Cooper wopanga migolo. Onse oyamba ndi Mac ndi ana a uje, Macdonald mwana wa Donald, monga ife timanenera kuti mwana wa a Phiri. Namwino wina wonyada amene ankabwera kudzawabaya jakisoni anali Campbell, ndipo atangotuluka a Webster anandinong'oneza kuti dzinalo limatanthauza pakamwa pokhota, pamene Cameron ndi mphuno yokhota. Ndinaseka mpaka kukhala pansi. Kani azungu nawonso ankapatsana maina onyozana ngati anyamata a kudambwe, kenaka n'kumawalemba pa zitseko za maofesi ndi zilembo zagolide!

Sankalekera pa maina. Anali ndi chibuku chachikulu chofotokoza kumene mawu anachokera, ndipo tsiku lililonse ankatolamo liwu limodzi. Anandiuza kuti windo poyamba linkatanthauza diso la mphepo, chifukwa linali bowo chabe lopanda galasi. Ine ndinkawabwezera ndi athu. Ndinawauza za anthu a kwathu otchedwa Supuni, Foloko ndi Sitima, maina amene makolo anabwera nawo kuchokera kumigodi ndi m'makhitchini. Iwo ankalemba m'kabuku, akusangalala ngati mwana wopatsidwa siwiti.

Tsiku lina ndinalimba mtima. "Kwathu kuli mnzanga wina, dzina lake Baxter. Limenelo ndiye chiyani?"

"Wophika buledi," anayankha osatsegula n'komwe buku. "Dzina lakalekale, la anthu odzuka m'bandakucha kukanda ufa."

Ndinaima lumo lili m'manja. Agogo anga anaphika buledi wa mzungu uja m'mawa uliwonse mpaka msana unapindika. Mzunguyo sanakhudzepo ufa chibadwire. Ndiye dzinalo mwini wake weniweni anali ndani? Tsiku limenelo ndinayenda mumsewu wa Maryhill ngati ndakwezedwa pantchito. Lamulungu lake ndinaimba foni kumudzi n'kuuza Esinati kuti andipatsire mwana.

"Limbani, wina akadzakuseka za dzina lathu, udzamuuze kuti sitinatole. Agogo analigwirira ntchito. Wamva?"

"Ndamva, ababa. Mubwera liti?"

"Posachedwa."

Posachedwa ameneyo ndinamunena kwa zaka zambiri mpaka mwana analeka kufunsa.

Chakudza sichiimba ng'oma. M'chaka changa chachisanu ndi chimodzi Esinati anayamba kudandaula m'mimba. Ankandibisira, poopa kuti ndisokonezeka pantchito. Foni inalira masana ena ndikukankha a Webster pa njinga yawo ya olumala m'mbali mwa ngalande, iwo akuponyera abakha nyenyeswa za buledi. Anali alamu.

"Alamu, mlongo wanga watisiya m'mawa uno. Anthu akufunsa. Tikudikireni?"

Ndinadziwa kuti ndikakwera ndege, khomo la dziko lija litsekeka mpaka kalekale. Limbani anali mu Sitandade 8, sekondale ili patsogolo. Ndinaganiza za fizi, ndinaganiza za nyumba yosamaliza pulasitala. Lero ndimavomera kuti ndinaganizanso za manyazi obwerera ndi chikwama chimodzi.

"Ikani," ndinatero.

Liwu limodzi lokhalo. Alamu anangoti, "Chabwino, alamu."

Anzathu a kutchalitchi anabwera kwa Gondwe kudzakhuza. Amayi anayala zitenje pa kapeti n'kuimba nyimbo za maliro chapansipansi, poopa kusokoneza a nyumba yoyandikana. Ana awo ankasewera pa foni m'khonde, akuyankhulana Chingerezi chothamanga cha ku Glasgow. Maliro opanda mtembo, opanda manda, opanda dothi loti uponye.

Mawa lake ndinapita kuntchito, chifukwa pa mapepala mkazi wa Gondwe anali moyo, ali pantchito kuchipatala. Ndikanapempha tchuthi cha maliro a ndani? A Webster sankadziwa kanthu. Anatsegula chibuku chawo monga mwa masiku onse.

"Lero liwu lathu ndi husband. Ukudziwa kuti linachokera ku mawu awiri akale? Loyamba ndi nyumba, linalo ndi kukhala. Mwamuna wa munthu ndiye amene amakhala pakhomo."

Beseni la madzi linandipulumuka. Ndinakhala pansi pomwepo, pamadzi, n'kulira mokweza ngati mwana, kulira kumene ndinakumeza dzulo lake pamaso pa anthu. Ndinawauza zonse: za Esinati, za mapepala, za Gondwe, za agogo anga ndi buledi wawo. Ndinkayembekeza kuti aimbira abwana anga foni. Iwo anangotambasula dzanja lawo n'kuliika pamutu panga.

"Dzuka, Baxter," anatero. "Uvale zouma, ungadwale."

Kuchokera tsiku limenelo, tikakhala awiri ankanditchula dzina langa. Namwino akalowa, ndinkabwerera kukhala Gondwe. Sanalakwitsepo ngakhale kamodzi, mpaka tsiku limene anamwalira, patapita zaka zinayi. Pa maliro awo ndinakhala kumbuyo. Mdzukulu wawo anandigwira chanza n'kunena kuti, "Zikomo, a Gondwe."

Limbani anakula pa foni. Mawu anasintha, anakhala a munthu wamkulu, koma anafupika. "Eya." "Ayi." "Talandira, zikomo." Ine ndinkati ndi unyamata, udzatha. Zambiri ndinkamva kwa alamu: wakhoza mayeso, walowa kosi ya zamagetsi, wapeza mbeta. Ukwati wake ndinauonera pa foni ndili m'kachipinda kanga ku Easterhouse, kumene ndinasamukira atagwetsa zinyumba zija. Ndinaona alamu atakhala pa mpando wa bambo wa mkwati, atavala jekete imene ndinawatumizira ineyo. Ndinawayamikira mumtima kuti akundiimirira bwino.

Kenaka uthenga unabwera woti mpongozi wanga ndi woyembekezera. Kwathu mwana woyamba amatchulidwa dzina ndi akuchimuna. Ine ananditchula ndi agogo a Bakisita, Limbani anamutchula ndi bambo anga. Tsopano inali nthawi yanga. Maliro ndinajomba, ukwati ndinajomba, koma ichi ndinati ayi, ndikachita ndekha ndi pakamwa panga, mdzukulu ali m'manja. Dzina ndinali nalo kale. Akadzakhala wamkazi, adzakhala Esinati.

Gondwe sanasangalale. "Amwene, mukudziwa kuti mukapita simubweranso? Mwanayo wakuitanani?"

"Pamwambo saitana munthu. Munthu amadziwa yekha udindo wake."

"Mufunseni kaye. Foni muli nayo."

"Ndifunse mwana wanga chilolezo chotchula mdzukulu wanga? Kwanu ku Rumphi mumatero?"

Anapukusa mutu. Ndinavula kakhadi kaja n'kumupatsa. Anakayang'ana nthawi yaitali, n'kunena kuti, "Mwalisunga bwino dzina langa, kuposa mwini wake." Tinaseka, koma tonse maso anali ofiira. Ndinakadzipereka ndekha kwa a boma kuti andibweze kwathu. M'chikwama ndinaikamo shawelo yoyera yaubweya ndi kachipewa ka khanda.

Ndinafika mwana ali ndi masiku anayi, wamkazi. Nyumba ndinaipeza yokongola kuposa pa zithunzi, koma mitengo ya mapeyala imene ndinabzala inali itakula moti sindinaizindikire. Limbani anatuluka, wamtali kundiposa, ndevu zili mbuu. Ndinafuna kumukumbatira. Iye anandipatsa dzanja, linalo atagwira pachigongono, mwaulemu wonse.

"Mwayenda bwanji? Takulandirani."

Anandipatsa chipinda cha alendo. Madzi osamba anali otentha, ndiwo zinali nkhuku. Palibe chimene ndikanadandaula, komabe ndinadya pang'ono chabe. M'mawa mwake alamu ananditengera kumanda. Ndinagwada pa mtumbira wa Esinati.

Mchombo utagwa, linafika tsiku lotulutsa mwana m'chikuta. Abale anadzaza pakhonde, a kuchikazi mbali iyi, ife mbali inayo. Ndinavala suti yanga ya ku Glasgow, shawelo ili pamiyendo. Mayi wina wachikulire wa kwawo kwa mpongozi anatuluka ndi khandalo, atalimeta bwinobwino, nthungululu zili pakamwa. Analipereka kwa Limbani n'kufunsa mokweza:

"Akuchimuna, mlendoyu ndani? Tiuzeni, tisamangomuti khanda."

Ndinakonza kukhosi. Ndinayamba kudzuka, manja nditatambasula kale. Limbani anandidutsa ngati mmene munthu amadutsira mpando, n'kukagwada pamaso pa alamu.

Alamu anachita manyazi. Anayang'ana ine, n'kuyang'ana pansi. "Iwe Limbani, bambo ako ali apa. Abwera kuchokera kutali chifukwa cha chimenechi."

"Amalume, ine ndapempha inu."

Ndinabwerera pampando pang'onopang'ono, ndikunamizira kukonza buluku. Alamu analandira mwana, anamuyang'ana kumaso, misozi n'kuyamba kutsika.

"Uyu ndi mlongo wanga wabwerera. Ndi Esinati."

Nthungululu zinaphulika. Anthu anayamba kuponya mphatso m'mbale. Nanenso ndinadzuka n'kukafunditsa mwanayo shawelo ija, chifukwa ndikanatani nayo? Mpongozi anandithokoza atagwada.

Anthu atabalalika, mlongo wake wa mpongozi anakhala patebulo kulemba dzina pa khadi la kusikelo. Ndinasuzumira. Analemba kuti Esinati Chimwaza. Pa mzere wa bambo, Limbani Chimwaza. Ndinawerenga kawiri. Esinati Chimwaza ndi dzina limene ndinalemba pa envelopu ya kalata yanga yoyamba yofunsira, ndili mnyamata. Zinali ngati mtsikana uja sanakwatiwepo, ngati pakhomo pamenepo sipanadutsepo munthu wotchedwa Bakisita.

Limbani ndinamupeza kuseri kwa nyumba akulumikiza waya wa sola. Ndinamufunsa mwaukali.

"Dzina langa unalitaya liti?"

Sanasiye ntchito yake. "Chaka chimene amayi anamwalira. Polembetsa mayeso a Sitandade 8 anati aliyense abwere ndi kholo. Anapita ndi amalume. Aphunzitsi atafunsa dzina loti alembe pa satifiketi, ndinatchula ndekha. Amalume anandikalipira njira yonse, musawaimbe mlandu."

"Zaka zonsezi osandiuza? Ine ndikutsuka matewera a azungu kuti iwe uphunzire!"

"Ndikudziwa, ndipo ndimathokoza. Sindinagonepo ndi njala." Apa anaika pulayazi pansi n'kundiyang'ana. "Koma kuchipatala amayi ankawatembenuza ndi amalume. Tsiku la maliro ine ndinakakhala kumsewu kuyambira m'mawa, chifukwa ndinkati bambo anga sangalephere. Galimoto iliyonse ndinkaimirira. Anadzanditenga ndi amalume, bokosi litatsikira kale. Anandiuza kuti munati chiyani pa foni. Ndinawakakamiza mpaka ananena."

Ndinafuna kumuuza za mapepala, za khomo lotsekeka, za fizi ya sekondale. Zonse zinali zoona, koma pamaso pa mwana amene anakhala kumsewu tsiku lonse zinalibe kulemera. Fodya wako ndi uyo ali pamphuno. Ine ndinali wa pachala, ndipo mphepo inanditenga.

"Ndinalakwa, mwana wanga," ndinatero. "Ndikhululukire."

"Ndinakhululuka kalekale. Pakhomo pano muzibwera nthawi ina iliyonse, mwanayu ndi mdzukulu wanu." Anatola pulayazi ija. "Koma dzina lija ndinalidikirira kumsewu, silinabwere."

Ndinakhala masiku ena awiri. Nyumbayo ili pa malo a kwawo kwa Esinati, choncho mkamwini amene mkazi wake anamwalira alibe chokhalira. Ndinaganiza zopita kwa mlongo wanga ku Luchenza, kumene ndili mpaka lero, ndikuweta nkhuku. Alamu anabwera kudzatsanzikana nane, akupepesa mobwerezabwereza ngati analakwa ndi iwo. Ndinawauza kuti analera bwino, ndipo sindinkanama.

Limbani anandiperekeza kumsewu atasenza chikwama changa paphewa. Ndinkayembekeza liwu limodzi lokha, lija ankanditchula pa foni ali wamng'ono, ndipo ndinkayenda pang'onopang'ono dala kuti lipeze mpata. Minibasi inaima. Analonga chikwama kumbuyo, anauza kondakitala kuti andipatse mpando wakutsogolo chifukwa ndine wamkulu. Kenaka anavula chipewa, anandipatsa dzanja, linalo atagwira pachigongono.

"Muyende bwino, a Bakisita."

Ndinayankha, poti ndi dzina langa.